Makina Akukana Chala Changa

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Dambwa sitili bwino, ndipo mukudziwa kuti ine kukometsa mawu sindikutha.

Ndiyambe ndi chabwino. Mng'ono wanga Misozi wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, Tikambenji. Mphuno ndi yanu yeniyeni. Bambo wake anawolokera ku Zimbabwe, mpaka lero zii. Ku Katete mvula inadula chimanga chisanabereke, moti amalume sanatumize kanthu chaka chino.

Boma linatilemba pa thandizo la chakudya. Sagawanso matumba pabwalo ngati nthawi yanu ija. Amapereka khadi, upite nayo kusitolo, mtsikana ailowetse m'kamakina, iwe uike chala chachikulu pagalasi, ndiye unyamule ufa ndi nyemba. Khadi ya pakhomo pano ili m'dzina langa. Koma Amayi, makinawo akukana chala changa.

Paja ndimachapa nsalu zogonera alendo pa loji ina ku Nakatindi. Mankhwala oyeretsera aja adya mizere yonse ya m'zala zanga. Munkandiuza kuti manja angawa ndiwo adzandidyetsa. Lero ndi omwewa akutigoneka ndi njala.

Ndinachinyambita chalacho, ndinachipaka mafuta, ndinachipukuta pachitenje, koma makina ankangoyatsa kanyali kofiira komweko. Anthu pamzere anayamba kung'ung'udza, bambo wina n'kuti, "Ba mayo, mwina khadi ni yakuba." Zimene ndinamuyankha sindingakulembereni. Ndinamenya tebulo, mlonda n'kundigwira mkono. Ufa ndinali nditausenza kale, ndinautula ndekha anthu onse akuyang'ana.

Ku ofesi anati dzina pakhadi silisinthidwa mpaka adzalembenso anthu, ndingopumitsa manja mizere imere. Abwana ku loji akuti ndikapuma, pageti pali azimayi ambiri ofuna malo anga. Zimene ndimalandira kumeneko zimathera pa lendi. Ndikasiya ntchito tigona panja, ndikapitiriza sitidya. Misozi akungomwa tiyi, mkaka wayamba kuuma. Mwana masiku oyamba ankalira mpaka oyandikana nawo kudandaula. Tsopano amangotsegula pakamwa, mawu osatuluka. Zimenezo ndiye zikundiopsa.

Sabata yatha ndinakumbukira mmene munkachapira mabulangete, kuwaponda m'bafa chitenje mutakwinya, uku mukuti manja ndi a mawa. Ndiye ndinang'amba kansalu pa duku lanu lobiriwira lija, mundikhululukire, n'kumanga chalacho, pamwamba pepala la pulasitiki. Nsalu za alendo ndikuziponda ndi mapazi, kufinya ndi dzanja lamanzere. Anzanga akundiseka, akuti ndikuvina. Mapazi ayamba kale kung'ambika, koma makina safunsa phazi.

Sindikudziwa ngati mizere imera msanga. M'mawa uliwonse ndimamasula chalacho, n'kuchiyang'ana padzuwa.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kuyambira tsiku tinakuikani m'manda. Koma Tikambenji wamng'onoyu musamuyembekezere kumeneko. Sindikutumizirani.

Ndine mwana wanu wamkamwa uja,
Esinati