Tiyanjane Wasiya Ntchito Chifukwa cha Ine

Lamulungu madzulo, ku Nabvutika

Lero mtima wanga sunakhale m'malo. Ino ndi sabata yachiwiri chibwerereni kuno kumudzi patchuthi kuchokera ku chilumba cha Morishasi, ndipo aliyense akundiyesa bwana. Titatuluka m'tchalitchi, amama anayamba kuonetsa azimayi anzawo zithunzi zanga zija ndinajambulitsa pahotela. Sadziwa kuti pahotelapo ntchito yanga ndi yochapa zofunda za alendo. Sadziwanso kuti zinthu zitavuta anzanga ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo timagona anayi m'chipinda chimodzi: ine, mayi wina wa ku Madagasika ndi atsikana awiri a ku Nepalo. Polankhula sitimvana bwino, koma kampunga kathu timagawana.

Dzuwa litapendeka, mng'ono wanga Tiyanjane, amene amaphunzitsa ku Chipangali, anandipeza pakhonde ndikuswa mtedza.

"Asisi, Januwale ndikubwera komweko ku Morishasi. Choko chanditopetsa ine."

Ndinamuuza zonse, ngakhale zoti diresi la pazithunzizo linali lobwereka. Ndinati, "Usasiye ntchito, mwana wa amama. Kumene kuja n'kowawa."

Iye anandifunsa kuti:

"Nanga bwanji simunanene kale? Kalata yosiyira ntchito ndinapereka Lachisanu."

Sanalire, sanandikalipire. Anangodzuka n'kukalowa m'nyumba. Bola akanandinyoza.

Mawa m'mawa ndimuperekeza kwa ahedi a pasukulu pake, tikapemphe kuti atibwezere kalatayo. Koma ngati yapita kale ku ofesi ya maphunziro, amama ndikawayambira pati ine...