Kabawi wa Mwana Wanu

Okondedwa alamu,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Thambani tili bwino, kupatula bondo langa ndi nkhuku.

Mwana wanu Fanuwelo anabwera ndi kandege kopanda injini ndi kabokosi ka mlongoti, akuti wailesi. Ndinati, "Tatsegula timve za maliro." Iye kuseka: "Amalume, iyi ndi yowongolera ndege!" Wailesi yanji yosandilankhula ngati apongozi?

Anakwera phiri, n'kuponya kandegeko kumphepo, uku akugwedeza timitengo ta pakabokosipo. Kanayamba kuzungulira pamwamba pa nyumba yanga. Nkhuku zinkayesa kabawi. Thadzi langa lomwe linkafungatira mazira pakhonde linathawira kutchire, mpaka lero. Dzulo dzira lina linaphulika. Fungo lake, alamu, ngakhale galu wasamuka!

Chonde muuzeni abwere adzafungatire yekha otsalawo. Mulungu akusungeni.

Ndine mlamu wanu,
Jailosi