Piki ya Atate

Lolemba, 10 Juni

Ndawaona atate. Ku Mukuni Park, pamsika wa zosema, mzere wakumbuyo, akupaka polishi timvuu tosema. Anatisiya ndili giredi 3, koma khutu lodukalo ndinalidziwa. Anandiyang'anitsitsa, kenako anatchula dzina langa: "Miyoba?" Ine ndinathawa ngati ndaba, mpaka pa minibasi ya ku Maramba.

Ndalembera Fabian, mchimwene wanga, ku Kitwe. Yankho lake: "Piki, olo sivinachitike." Ndi kankhope koseka pamwamba. Ati popanda chithunzi sakhulupirira.

Lachiwiri, 11 Juni

Tsiku lonse kuchapa nsalu za pabedi kuloji komwe ndimagwira ntchito, womuuza palibe. Fabian ndi wa piki pa chilichonse. Ndikati njovu zatseka msewu wa Nakatindi, piki. Ndikati ndadwala, piki. Koma atatetu si njovu. Chimwalirireni amayi tatsala awiriwiri, ndiye akapanda kundikhulupirira iyeyo ndikauze ndani? Zandipweteka.

Lachinayi, 13 Juni

Ndinapitanso. Nditangokweza foni, mayi wa tebulo loyandikana anakuwa: "Iwe, palibe vojambula pano! Ufuna kukopa vinthu vathu?" Kani ena pamsikapo sajambulitsa, amaopa kuberedwa kasemedwe. Anthu onse maso pa ine. Atate anangoweramira kamvuu kawo. Manyazi ake!

Lachisanu, 14 Juni

Mwina dzina lija ndinangodzimvera ndekha.

Loweruka, 15 Juni

Lero foni ndinaisiya m'chikwama. Ndinangokhala pakabenchi ka atate. Anandipatsira kansanza, tinayamba kupukuta limodzi. Zala zonse bii. Patapita nthawi anatembenukira mayi uja: "Ba Juliet, uyu ni mwana wanga. Tijambuleniko." Mayiyo mpaka kugwira pakamwa. Atate anavula chipewa, nakonza kolala. Anaika dzanja lawo paphewa panga. Sindinalire mpaka m'minibasi.

Ndatumiza. Ione piki yakoyo, mwana iwe.

Lamulungu, 16 Juni

Fabian anaiona pikiyo dzulo lomwe. Masana ano ndikusita, uthenga: "Mudala uyu ni ndani? Ba tata benze batali."

Ndinati yang'ana khutu.

Anayamba kulemba, kusiya, kulembanso. Kankhope koseka lero kulibe. Pamapeto pake: "Bananifunsako ine?"

Atate sanafunse. Tinakhala masana onse aja, dzina la Fabian osalitchula ngakhale kamodzi. Foni ndaiika chafufumimba pabedi, ndipo ikungonjenjemera.