Mwala wa Ba Kafula Pamzere wa Unga

George, Lusaka
12 Epulo 1989

Okondedwa achimwene a Dixon,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Dedza. Kodi mwendo uja unasiya kuvuta? Ife kuno tilipo, ngakhale nyumba yatikulira chichokereni bambo. Telegalamu munailandira, koma telegalamu imaumira mawu. Lero ndikufuna mumve mmene tinawaikira bambo, mumvenso zimene mlongo wanu anachita.

Ndiyambe ndi makuponi. Chaka chino boma linakweza mtengo wa ufa, umene kuno timati unga, n'kunena kuti osauka azilandira timapepala togulira motsika. Achimwene, mpaka lero ndimadabwa. Munthu amene sitinamuonepo amalankhula pa wailesi, m'mawa mwake mbale za komboni yonse ya George zachepa. Kapepala kosakwana chikhatho kakuposa ndalama mphamvu. Komanso ukhoza kukhala nako unga osaupeza, chifukwa lole imafika kusitolo ya boma pamene yafunira.

Choncho amayi tili ndi lamulo lathu. Tikamva kuti lole ili m'njira, aliyense amakasiya mwala wake pakhomo la sitolo, n'kubwerera kukagwira ntchito zake. Miyalayo ndiyo imatiimira pamzere. Palibe wapolisi woilondera, koma mwala wa mnzako sukhudza, ndipo aliyense amaudziwa wake.

Ine ndinaukhudza. Bambo anali chigonere, akupempha phala, m'nyumba muli mbatata zokha. Patsogolo pa mwala wanga panali wa ba Kafula, mayi wachibemba wa kuseri kwa mpope, wamasiye wa ana asanu. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuukankhira m'mbuyo ndi phazi. Lole itafika, thumba lomaliza linagwera ine. Ba Kafula anabwerera chimanjamanja.

Patangopita masiku anayi bambo anatisiya. Mukudziwa kuti makina awo a utelala aja anasokera zovala theka la George. Anthu anabwera ngati nyerere: a mpingo, a ku Matero, a ku Chunga, ndi nkhalamba zimene zinachoka nawo kwathu nthawi ya atsamunda. Thumba langa lakuba lija linatha tsiku loyamba lomwe.

Tsiku lachiwiri ndinazungulira misika yonse, chipepeso chili m'manja, unga osaoneka. Nditabwerera, mayi Ennie a mvano anandinong'oneza kuti madzi awira kale ndipo azimayi ophika akudikira ndi mithiko. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinaona kuti bambo, amene sanalole mlendo kuchoka pakhomo osadya, tiwaika anthu ali ndi njala, ndipo nkhaniyo idzatsalira pa dzina lawo. Ndinalowa kuchipinda n'kulira, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinali kulira bambo.

Kenaka nyimbo panja inaleka. Nditatuluka ndinaona amayi akubwera mondondozana m'kanjira ka pakati pa nyumba, aliyense atasenza. Wina mbale yodzaza, wina kapu imodzi yokha yomangidwa pansalu. Ena sindinkawadziwa n'komwe. Ankafika, kugwada, kukhuthulira m'beseni, n'kupatsa mpata mnzawo. Beseni litadzaza tinatulutsa lina, kenaka tinayala mphasa. Unga umene boma linalephera kuupeza m'nkhokwe zake unatuluka m'nyumba za anthu osauka.

Amene anawatsogolera anali ba Kafula. Mayi Ennie anandiuza pambuyo pake kuti iwowo ndiwo anayenda khomo ndi khomo, apa Chibemba, apo Chinyanja, kuuza anthu kuti telala wawo asapite mwamanyazi. Unga wa chimanga analibe, chifukwa cha ine. Anabweretsa wa chinangwa umene mng'ono wawo anawatumizira kuchokera ku Kasama, wonse, osasiyako.

Anthu anadya, achimwene, mpaka okumba manda anawonjezera. Bambo tinawaika mwaulemu.

Titasesa, mtima unakana kukhala chete. Ndinapita kwawo, ndinawapeza akuchapa, ndinagwada n'kuulula zonse. Sanasiye n'kuchapa komwe.

"Ninakuona, Chrissie, nenze pa pompi," anatero m'Chinyanja cha kuno, kutanthauza kuti anali pa mpope. "Koma vija ni va njala. Maliro ni yathu tonse."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinafunsa kuti nanga ana adya chiyani, iwo anangoseka n'kunena kuti mwana wa Mbemba safa ndi sabata imodzi. Koma ine ndawaona anawo. Chiyambire tsiku lija akudya kamodzi patsiku, ndipo lole sinabwerenso.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndamva kuti chaka chino mvula inakukomerani mtima. Mukangokolola, tumizani thumba limodzi la chimanga ndi a Blackson, amene amabwera kuno pa basi ya ku Chipata. Musachedwe nalo, ndagwira mwendo wanu. Ndipo pathumbapo musalembe dzina langa. Mulembe kuti Kafula, George, kuseri kwa mpope.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Sophia ndi onse a pamudzi. Mukamatchula abale m'mapemphero a pabanja, muwonjezepo dzina limeneli. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Chrissie