Matayala a ku Joni

Lachitatu, mu Febuluwale. Mvula sinakate, ndipo tsiku laipa.

Achimwene anga a Dayisoni anafika dzana kuchokera ku Joni ndi galimoto yofiira, yaifupi, ya mipando iwiri yokha. Dzulo anaswera kuonetsa anthu matayala ake, otambalala, a mizere yosaya. Akuti amagwira phula ngati ulimbo ngakhale uthamange bwanji.

Lero m'mawa amayi anayamba kubanika. A Nampinga, oyandikana nafe, anamanga ng'ombe pangolo kuti tithamangire nawo kuchipatala. Achimwene anakana. "Amayi anga akwere ngolo ine ndili ndi galimoto? Masulani ng'ombezo, bambo." Ine ndinangokhala chete, chifukwa nanenso ndinkafuna kuti anthu aone.

Amayi anakhala pampando winawo, ine ndinatsatira panjinga. Ndinawapeza padambo, galimoto itatitimira m'matope mpaka kumimba. Matayala aja ankangozungulira, atasalala ngati mbale. Tinaikapo udzu, miyala, ngakhale chitenje changa, koma ayi ndithu. Amayi anandiyang'ana pawindo n'kufunsa kuti, "Esinati, kodi tafika?" Ndinawauza kuti tatsala pang'ono.

Ngolo yomwe ija ndiyo inadzawatenga masana. Inawabweza kunyumba atawafunditsa nsalu ndi kumutu komwe.

Galimoto ikadali padambo. Achimwene angokhala pakhonde. Azakhali akuti ndisawakalipire mpaka tiike maliro. Sindiwakalipira. Pamene ng'ombe zija zinkamasulidwa ine ndinalipo, ndipo pakamwa ndinali napo.