Kabuku ka Atikonda ku Granada

Lachitatu, 24 Sepitembala. Morley, ku Perth.

Mapasipoti abwera. M'yanga muli viza ya ku Spain. Mwa mkazi wanga Atikonda mulibe. Pepala limodzi basi, achonga kabokosi: sakutsimikiza kuti akalowa m'dziko lawo adzatulukamo.

Wawerenga choimirira, yunifomu ikadali m'thupi. "Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusambitsa makolo a eni kuno, lero ndikathawire ku Spain ine?" Kenaka wapita kukaphika. Sanalire. Bola akanalira.

Chifukwa chake ndikuchidziwa ndekha. Mafomu onse awiri ndinalemba ine, imelo ndinaikapo yanga. Pa 29 Ogasiti a ku ofesi ya maviza analemba: tumizani kalata ya kuntchito kwa akazi anu, pasanathe masiku khumi. Ndinaiwerengera m'basi ya ku Crawley, popita kuyunivesite. Ndinati ndiona madzulo. Madzulowo ndinali pa pepala langa la kumsonkhano, mawa lakenso chimodzimodzi. Ndaikumbukira lero, envulopu ili m'manja.

Ndamuuza kuti, "Anthu awa ndi choncho." Ine, ndi pakamwa pangapa.

Lachisanu, 3 Okutobala.

Ndinati ndisapite. Wakana. Yunivesite yalipira kale, zaka zitatu ndikukumba nthaka yamchere, ndikaonetse. "Asatimane tonse awiri."

Wandiikira kabuku kake kobiriwira m'chikwama. Kabuku ka mayi Encarna, a m'chipinda nambala 14 kunyumba ya okalamba komwe amagwira ntchito. Kwawo kunali ku Granada. Anamwalira mu Malichi. Zaka ziwiri Atikonda akuwamwetsa phala ndi supuni, iwo akumufotokozera zakudya za kwawo, iye akulemba pa nthawi yopuma. Akuti kumeneko ukagula chakumwa amakupatsa kambale ka chakudya kaulere. Tapasi. Malo asanu ndi awiri, misewu yake, ndi malamulo: pakhomo pakaima woitanira, dutsa. Menyu ya zithunzi, dutsa. Lowa momwe madala aimirira ndipo pansi pali timapepala topukutira m'manja. Usakhale pampando. Usafunse chomwe akupatsa.

Msonkhano wanga utangoikidwa ku Granada anavina m'khitchini. Tchuthi anapempha mu Meyi.

"Mukandidyere. Mulembe zonse, ndi kakomedwe komwe."

Lolemba, 6 Okutobala. Granada.

Ulendo wa tsiku lathunthu ndi kanthu. Chipinda cha anthu awiri. Mataulo awiri, matambula awiri.

Chomba wafika dzulo. Mnzanga wa mu labu, wa ku Lusaka. Tinatuluka 12 koloko ndi njala, malo a m'kabuku awiri oyamba anali asanatsegule. Kuno nkhomaliro ndi 2 koloko. Tinangolowa pena pabwalo lalikulu, woitanira pakhomo, zithunzi pa menyu, zonse zoletsedwa zija. Mpunga wachikasu wozizira pakati. Chomba anadandaula mpaka kuhotela.

Ine ndinakondwa kuti sunakome.

Lachiwiri, 7 Okutobala.

Lero tatsata kabuku. Kuseri kwa msika, kakhwalala koti galimoto singalowe. Khomo lopanda chikwangwani chooneka. Madala asanu aimirira, wina ndi galu wake. Pansi timapepala mbwee. Ndendende monga analembera.

Ine chakumwa cha mandimu, Chomba kamowa. Osafunsa kanthu, kambale katera: tinsomba tokazinga, totentha, kamchere, kandimu pambali. Chakumwa chachiwiri, kambale kena: kachewere wokazinga ndi anyezi ndi tsabola wobiriwira, akuti mbatata za amphawi. Ndinapukuta mbale ndi buledi. Kwa mphindi mwina makumi awiri ndinaiwala zonse. Ndinaseka. Ndinaitanitsa chachitatu.

Atikonda anaimba ndikutuluka. Ku Perth 8 koloko madzulo, wangoweruka. "Ndiye zinali bwanji, a Flywell?" Ndinati ndi usipa basi, wa kwa amayi anu umaposa. Anati, "Oo. Mayi Encarna ankatama kwambiri."

Bodza lachiwiri. Ndimati ndimuchepetsere ululu, koma ndamulanda ndi kamene kanatsalako.

Lachitatu, 8 Okutobala.

Pepala langa ndaliwerenga m'mawa. Mafunso anayi, atatu ndinayankha bwino. Mayi wina wa ku Holland akufuna tilembere limodzi. Pepala lomweli ndi limene linadya kalata ija.

Malo achitatu m'kabuku kulibenso. Pano akugulitsapo makava a foni. Achinayi alipo, pamtunda, masitepe mpaka mawondo kuwawa. Mabilinganya odula mopyapyala, okazinga, othira uchi wakuda wa nzimbe. Sindinadziwe kuti bilinganya lingatero. M'kabuku ndalemba zoona. Pafoni ndati, "Anali bwinoko."

Atikonda sali bwino. Mayi wina wodzaona amayi ake okalamba anamufunsa kuti kwanu n'kuti, funso lomwe amamufunsa tsiku ndi tsiku. Iye akuti, "Mukufuna mundibweze?" Amanijala anamuitana mu ofesi. Chiyambire ntchito, aka n'koyamba.

Akuti alemba kalata yodandaula ku ofesi ya maviza. Akufuna amuuze chomwe anaona pankhope yake.

Lachinayi, 9 Okutobala.

Ndamuuza Chomba. Tinali choimirira, kambale ka nyemba zobiriwira ndi nyama ya nkhumba youmika pakati pathu. Anasiya foloko. "Ba Flywell, imwe. Manje mufuna azibire ku ofesi? Muuzeni chabe. Azakalipa, azaleka." Ndinati si nkhani ya pafoni. Anati, "Nayo ni zoona, koma naimwe mwaikonda iyo ansa."

Sindinamalize nyemba. Iye anamaliza.

Lachisanu, 10 Okutobala.

Malo omaliza. Pa awa Atikonda analemba mzere kawiri: mayi Encarna ankatsuka matambula pano ali mtsikana, bala inali ya amalume awo. Ndinapita ndekha.

Kachipinda kakang'ono, matailosi a buluu, miyendo ya nkhumba ikulendewera kudenga. Ndinaonetsa dzina m'kabuku kwa bambo wogulitsa. Anayang'ana, analowa mkati, anatuluka ndi mayi ake. Okalamba kwambiri, ndodo, epuloni. Msuweni wawo wa mayi Encarna. Anasiyana mu 1968. Za maliro anamva, koma osadziwa anafa bwanji.

Tinalankhula kudzera pa foni, iyo ikumasulira mopotoza. Anafunsa: anali yekha? Anamva ululu? Ankayimbabe? Sindinadziwe ngakhale chimodzi. Amene anawagwira dzanja tsiku limenelo ndi Atikonda. Ndinaimba kawiri, foni ili mu lokala, ali pa shifiti.

Mayiwo anandigwira masaya. Anafunsa kuti nanga mkazi wakoyo bwanji sanabwere. Ndinalemba pa foni: anamukaniza viza. Anapukusa mutu, anatukwana boma lawo lomwe, mwana wawo akuseka. Bodza lomwe lija, tsopano m'Chisipanishi.

Anandidyetsa nkhono za msuzi wa tsabola, soseji yakuda, chigumu cha mazira ndi kachewere. Ndalama anakana. Anapereka kabotolo ka uchi wa nzimbe, akuti ka amene anasamala Encarna.

Ndinakhala pa benchi panja mpaka dzuwa kupendeka. Malo a mwini. Chakudya cha mwini. Ngakhale misozi ya mayi aja inali ya mwini.

Lachiwiri, 14 Okutobala. Morley.

Ndafika dzulo. Uchi ndinaulemba pa khadi loululira katundu pabwalo la ndege, anauzunguza, anawerenga, anandibwezera.

Atikonda anadzanditenga ndi galimoto, tsitsi latsopano. Nkhani ya msuweni ija anandibwerezetsa katatu. Apa ndiye analira. Mayankho onse anali nawo: sanali okha, ululu unali wochepa, ankayimba mpaka sabata yomaliza. Akuti alemba kalata, mnzake wa ku Colombia kuntchito amasulira.

Ndimati ndinene m'galimoto. Ndimati ndinene titadya. Anali wokondwa. Ndinati mawa.

Mawa. Mawu omwe aja a m'basi.

Loweruka, 18 Okutobala.

Ndanena.

Anabwera ndi kalata yodandaula ija, masamba awiri, kuti ndikonze Chingerezi ndiitumize. Ndinawerenga mpaka pomwe analemba kuti sanaphonyepo shifiti ngakhale imodzi. Ndinatseka laputopu. Ndinanena zonse, tsiku lake, basi yake. Ndinamuonetsa imelo.

Anaiwerenga kawiri. Sanakweze mawu. "Ndiye kuti sanandikane." Ndinati ayi. "Kuiwala, munthu amaiwala. Koma sabata zitatu ndi theka mukundionerera ndikudana ndi anthu osalakwa. Mayi uja kuntchito ndinamuyankha mwano chifukwa cha inu."

Ndinapepesa. Mawu anga anatuluka aang'ono.

Anatenga makiyi. Ali kwa mnzake Inonge ku Rockingham. Uthenga umodzi: ndafika, musaimbe.

Lamulungu, 19 Okutobala.

Kutchalitchi ndekha. A Hopewell, anzathu a mumpingo, anafunsa kuti mayi ali kuti. Ndinati ali ku Rockingham, ndawalakwira. Anayembekeza kuti ndipitirize. Sindinapitirize, koma sindinanamenso.

Ndachapa, ndakolopa. M'nyumba zii.

Lachitatu, 22 Okutobala.

Wabwera dzulo masana. Akulankhula zofunika zokha: mafuta a galimoto, tsiku lotulutsa mabini. Kuntchito wakapepesa kwa mayi uja.

Lero ndapeza ali patebulo ndi mafomu atsopano. Imelo yake. Kalata ya kuntchito ili kale pambali, yosainidwa. Akupita mu Epulo, akuti msuweni wa mayi Encarna uja ndi wokalamba, sangadikire. Apita ndi Inonge. Sanandifunse, wangondiuza.

Ndinati ndingathandize chiyani. "Musakhudze chilichonse."

Ndikutsuka mbale ndinamva akutsegula masamba. Kabuku. Zolemba zanga za m'mbali, zoona zija. Anawerenga nthawi yaitali. Kenaka, osandiyang'ana: "Pafoni munati usipa basi. Apa mwalemba kuti munapukuta mbale ndi buledi."

Ndinati eya, ndinapukuta.

"Khalani pansi. Muyambire pa tinsombato. Bwinobwino."

Ndinakhala. Ndinafika pa mabilinganya, nthawi ya shifiti yake inakwana. Mafomu wapita nawo m'chikwama.