Zimene Ndinanena pa Sadaka ya Amayi

Achimwene a Yusufu,

Salamu aleikumu. Kuno ku Bangwe tili bwino, kupatula shuga wanga amene wakweranso. Tisanakambe zina, tigwirizane ziwiri: ngati buku langa la nkhondo za Ayao ndi Amang'anja lituluke, ndiponso amene akapepese kwa amalume.

Pa sadaka ya amayi, amalume anandifunsa zimene ndimafufuza kukoleji. Ndinawauza zomwe nkhalamba za kumudzi zinandifotokozera, kuti amayi awo a agogo athu aakazi obereka amayi anali Mmang'anja, ndipo anagwidwa ndi Ayao pankhondo ali mtsikana. Amalume anasiya kudya.

"Mtundu umatsata kwa mayi. Ndiye ukuti tonsefe ndife ana a kapolo?"

Ndinati mawu amenewo sindinawatchule.

"Sukulu yakoyo yawatchula," anatero.

Chiyambire tsikulo sandiyankha salamu ngakhale kumzikiti. Akuti bukulo likatuluka, ndikadzamwalira sadzandiika pafupi ndi amayi. Koma ndikachotsamo nkhaniyi, ndidzawayang'ana bwanji ophunzira anga, amene ndimawauza kuti mtendere wobisa chilonda sukhalitsa? Tulo sindikupeza.

Inu amalume amakumverani. Allah akusungeni ku Joniko, koma chonde yankhani msanga. Osindikiza akudikira mawu anga, ndipo ndekha sindingathe kusankha.

Mng'ono wanu,
Idrisa